Lipoti la ulendo wa ku Manenberg: filimu ya ogulitsa tik ndi momwe oonera anailandirira

Gulu lathu loonetsa mafilimu kwa achinyamata linatumiza anthu asanu ndi mmodzi ku Cape Town. Tinadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kusintha basi ku Johannesburg pa ulendo wina wa makilomita pafupifupi 1,400. Anatiitana ndi anzathu a ntchito ngati yathuyi ku Manenberg, kuti tikaone mmene amaonetsera filimu ya malonda a mankhwala ozunguza bongo kwa anthu amene malondawo amachitikira pakhomo pawo.

Manenberg ndi Hanover Park ndi madera a ku Cape Flats amene boma la tsankho linkatayirako mabanja osamutsidwa mokakamiza potsatira lamulo la Group Areas Act la 1950. Ku District Six kokha, dera la pafupi ndi pakati pa mzinda wa Cape Town, atalengeza mu 1966 kuti ndi dera la azungu, kunachotsedwa anthu oposa 60,000. M'midadada ya nyumba yomwe anthuwo anakaunjikidwamo ndi momwe magulu a zigawenga ngati Americans ndi Hard Livings akhala akulimbirana misika ya tik (mankhwala ozunguza bongo otchedwa methamphetamine), yomwe amasutira m'babu la magetsi kapena m'kapaipi kagalasi, ndi mandrax, yomwe amaipera n'kusakaniza ndi chamba m'khosi la botolo losweka.

Mbiri imeneyi ndi imene imasankha holo. Mnyamata wa mdadada wina sangawoloke msewu kulowa m'dera la gulu lina, choncho anzathuwo amabwereka holo ya tchalitchi yomwe mbali zonse zimafikako. Amayamba 2 koloko masana kuti pofika 5 aliyense akhale ali kwawo. Masana kuwala kumachuluka, ndiye mawindo amatchinga ndi mabulangete, ndipo pulojekita yosakwana malumeni 3,000 (muyeso wa kuwala kwake) imangoonetsa zithunzi zambuu. Jenereta imakhala panja yothira kale mafuta. Koma chimene ife sitikanachiganizira ndi zokuzira mawu. Munthu mmodzi amakhala pa makina n'kumatsitsa mawu mfuti zisanalire. Tsiku lomwe tinaonera nawo anachedwa kamodzi, ndipo agogo awiri a mzere wakutsogolo anadzigwetsa pansi, mmodzi atafungatira mdzukulu wake. Palibe anaseka.

Mkulu wa ogulitsa atangotulukira pa kanema, ali m'galimoto yonyezimira, dzino lagolide lili ng'aning'ani, anyamata akumbuyo analiza malikhweru n'kumabwereza mawu ake. Wosewera wina atalakwitsa chilankhulo cha m'misewu anamukuwiza, ati ameneyo sanagonepo ku Cape Flats. Azimayi anali duu mpaka pamene mayi wa m'filimumo anabwera kuntchito n'kupeza mwana wake wagulitsa ketulo ndi ayironi. Pamenepo holo inadzaza ndi kung'ung'udza, ndipo mayi wina anatchula mokweza katundu amene iye amakhomera m'chipinda chake akamachoka.

Filimu yamtunduwu imatha ola lathunthu ikumukongoletsa wogulitsa, n'kudzamulanga m'mphindi khumi zomaliza. Anyamata amatenga ola lija. Anzathuwo anati kale ankaisiya mpaka kumapeto, koma apolisi akangomugwira mkuluyo anyamata ankadzuka n'kumatuluka akunena kuti zabodza, kwawoko akuluakulu sagwidwa. Masiku ano amaimitsa kutatsala mphindi 15, n'kugawa buledi ndi zakumwa, kenako n'kugawa anthu patatu: anyamata, atsikana, makolo. Mnyamata sangayankhule amayi ake kapena mlongo wa mnzake akumva.

Funso loti mwaphunzirapo chiyani salifunsa, chifukwa limangobweretsa mayankho a m'kalasi. Wotsogolera amalemba pa bolodi anthu onse a m'filimumo kuyambira kamnyamata kolondera pakona, wonyamula katundu, wogulitsa, mpaka bwana wake, n'kufunsa kuti ndalama zikutsalira ndani, nanga mfuti ikalira woyamba kugwa ndani. Anyamata omwe ankaliza malikhweru aja anatsutsana kwa theka la ola, ndipo anafika okha poti wapakona amalandira zochepa kuposa onse koma ndiye amene ali poyera. Atatero m'pamene bambo wina yemwe anakhalapo kundende ya Pollsmoor anafotokoza momwe magulu a zigawenga a m'ndende otchedwa 26, 27 ndi 28 amamulandirira mnyamata wongolowa kumene. Mathero a filimu anaonetsedwa pambuyo pake, ndipo sanatuluke ndi mmodzi yemwe.

Zolakwika ziwiri anatichenjeza nazo. Wapolisi wovala yunifolomu akakhala m'holo, zokambirana zimafa, poti aliyense amaopa kutchedwa kazitape. Kujambula oonera n'koletsedwanso, chifukwa chithunzi chikafika pa Facebook chikhoza kumupweteketsa mwana.

Pobwerera tinagwirizana kuyesa njirayi ku Ndirande, komwe ana amaonera kale mafilimu otere m'mavidiyo sho popanda wowafunsa kanthu. Kwathu nkhani ndi chamba, kachasu ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, choncho mafunso a pa bolodi tiwalemba mwatsopano. Tikufunikanso munthu womasulira m'Chichewa filimu ili mkati, amene aionere kaye katatu n'kulemba mphindi iliyonse imene mfuti ikulira.