Ndabwereranso m'madzi

Lero m'mawa ndinaima m'mphepete mwa dziwe losambira nditadzikulunga thawulo mpaka m'khosi, mtima uli phaphapha, poganiza kuti aliyense akuyang'ana kamimba kangaka. Kenako ndinangoti zivute zitani, n'kulowa. Abale inu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka! Aliyense anali kalikiliki ndi zake, nkhope ili m'madzi. Agogo ena anandipitirira bwinobwino osatopa, ine ndili wefuwefu pa mamita 25 okha.

Chandisangalatsa n'chakuti mawondo amene amandizunza ndikathamanga sanadandaule n'komwe, paja madzi amanyamula thupi. Mpweya ndiye unandithera msanga, ndiyenera kuphunziranso kuutulutsira m'madzi m'malo mougwira mpaka kubanika. Mapewa akuwawa koopsa, koma Loweruka ndipitanso basi. Alipo woti tizipitira limodzi?