Semesita imene ndinkakhalira mandasi

Chaka changa choyamba ku Zomba ndinkachita lendi ku Chikanda, kachipinda kamodzi ndi mnzanga. Ndalama zikatha pakati pa mwezi, chakudya chinali mandasi awiri ndi tiyi wopanda mkaka, basi. Usiku ndinkawerenga mpaka 2 koloko, neti ili chikolekere pamsomali chifukwa cha kutentha. Kutatsala sabata imodzi kuti tiyambe mayeso, malungo anandigwetsa.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri si malungowo ayi. Nditachira, mtima sunabwerere m'malo. Amayi akaimba foni ndinkangoti, "Ndili bwino amayi," kenako n'kumalira ndekha. Mnzanga uja ndiye anazindikira. Sanandifunse zambiri, anangoti, "Aise, tiye tikawongole miyendo." Loweruka lililonse m'mamawa tinkakwera msewu wa kuphiri la Zomba, thukuta lili kamukamu, ndipo m'njiramo ndi momwe ndinayambira kumuuza za fizi ndi mantha anga olephera mayeso.

Pano timasonkherana anthu anayi: wina ufa, wina nyemba, wina makala, ine bonya ndi tomato. Timaphika pambaula imodzi. Ikangokwana 11 koloko ndimatseka buku n'kutsitsa neti, ngakhale mutuwo ndisanaumalize.