Loweruka, mbeu ya kachewere idikire kaye

Pulani ya lero inali yoti ndidzale kachewere wachiwiri koma zakanika. Febuluwale wa ku Cape Town ndi wovuta, dzuwa likuswa mtengo kenako mphepo ija ya south-easter imabwera kudzamaliza, madzi amene wathirira mmawa pofika 11 koloko palibenso, makamaka kuno mbali ya Grassy Park komwe dothi lake ndi mchenga okhaokha. Masana ndinapisa chala mu bedi lomwe ndinakonza sabata yatha, mchenga unali otentha mpaka mkati, ndiye ndangoti basi khasu libwerere mu shedi, tionana Malichi akalowa usiku ukayamba kuzizirira.

Kuno kachewere timadzala kawiri pa chaka. Oyamba ndi wa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, mvula ikamachepa ndipo kunja kukuyamba kufunda, ameneyo timakumba cha mu Disembala. Wachiwiri ndi uyu wa kumapeto kwa Febuluwale kapena Malichi, okumba cha mu Juni. Zonsezi ndi kuzemba kutentha basi. Kachewere amaika bwino pansi dothi likakhala pa madigiri 15 mpaka 20, likamafika cha ku 30 amangokongola masamba, ukadzakumba umapeza timbatata tonga nsangalabwi. Mbali inayi chisanu cholimba chija chimawaula masamba onse usiku umodzi, koma ife okhala kufupi ndi nyanja sichitivuta kwenikweni, amene amalira nacho ndi a kumtunda ngati ku Ceres. Ndiye popeza mbeuyi imafuna masiku 90 mpaka 120 uli ndi mipata iwiri yoti uilowetse, wina kusanatenthe wina kutentha kukamatha.

Cha mma 3 koloko kunabwera achimwene ena a kwathu, kwao ndi ku Tsangano ku Ntcheu, amagwira ntchito ya m'ma gadeni ngati ine ndemwe koma abwera kuno chaka chathachi. Atangoona matileyi a mazira pa windo odzadza ndi kachewere anayamba kuseka.

"Achimwene, mbatata mukuifungatira kuti iswe anapiye kapena? Kwathu sitichita zimenezi, mvula ikagwa timangodzala."

Ndinawauza kuti akulu, mukadikira mvula kuno mudzala mu Meyi. Ndi zomwe zimasokoneza ambiri obwera kumene, kwathu mvula ndi ya nyengo yotentha, Novembala Disembala mpaka Malichi, kuno imagwa nthawi yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndipo Disembala ndi gwaa. Ukadzala mu Meyi mbeu yaing'ono imakumana ndi dothi lozizira lonyowa, dzuwa lochepa, ndipo matenda a chiwawu amakonda nyengo yomweyo, masamba amada ngati apsa ndi moto sabata imodzi bedi lonse lapita. Wa Malichi mvula ikamafika amakhala atakula kale, waika kale pansi, chiwawu chikabwera kumapeto chimapeza ntchito yambiri yachitika. Ndinawafunsa kuti kodi ku dimba mumadikira mvula? Anati ayi timathirira. Ndati eya, wa Malichi ndi wa ku dimba ameneyo, masabata oyamba keni m'manja, kenako kumwamba kumakulandira.

Anthu a ku Tsangano pa kachewere suwaphunzitsa, ndiye zinazo ndi iwo amene amandikonza. Anatenga imodzi mu tileyi nkuitembenuza tembenuza, nkuloza timaso tomwe tatuluka, tatifupi tonenepa tofiirira, akuti izi ndiye zabwino osati zazitali zoyera zija zimatuluka ukaiwala thumba mu mdima, zimathothoka ukangozikhudza. Ina anaiponya pambali akuti yafewa, imeneyi ikaola pansi.

Koma nkhani yomwe tinakhalitsa nayo ndi ya kugona kwa mbeu, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona zonse. Kachewere ongokumbidwa kumene samera ngakhale umuthirire bwanji, amagona kaye miyezi iwiri kapena itatu kutengera mtundu wake. Mbeu ili pa windoyi ndi timbatata tating'ono tomwe ndinasankha pokumba mu Disembala, ndiye taonani, pano mpamene tayamba kudzuka. Kutanthauza kuti tsiku lodzala mu Malichi linagamulidwa kale mu Ogasiti. Munthu amene anachedwa nkudzala mu Okutobala akumba kumapeto kwa Januwale, kachewere wake wakula mu ng'anjo, ndipo pofika Malichi mbeu yake idakali mtulo, akaikwirira ikhala pansi osatuluka mpaka mvula iipeze nkuola. Anthu amaona ngati ndi minda iwiri yosiyana koma ndi unyolo umodzi, ukachedwa koyamba wachedwa konse.

Ena amati bwanji osangogula ya mu shopu nkudzala. Imamera nthawi zina, koma ina amaithira mankhwala kuti isaphuke msanga komanso sudziwa matenda omwe yanyamula, ndipo matenda ofotetsa aja akalowa m'dothi amakhalamo zaka. Ine mu Ogasiti ndimagula mbeu yeniyeni ku nursery, mtundu wa BP1 kapena Mondial zomwe zapezeka, ndiye ya Malichi ndimatenga kwa ana ake, kamodzi kokha, Ogasiti winayo ndigulenso yatsopano chifukwa ukamangobwereza bwereza mbeu yomweyo imatopa ndi mavairasi zokolola nkumachepa. Achimwene aja apa anavomera, akuti ndi zomwe zimachitika ndi mbeu za Rosita ndi Violet kumudzi anthu akamangosunga yomweyo chaka ndi chaka. Atatchula Violet ndinalakalaka tchipisi cha pa chiwaya pa Lizulu, cha mchere ndi tsabola chija, kuno sichipezeka ngakhale kachewere ali mbwee wochokera ku Sandveld komwe amamulima kwambiri.

China chomwe ndimasiyanitsa, wa Ogasiti mbeu ikakhala yaikulu ndimatha kuidula pawiri bola chidutswa chilichonse chikhale ndi maso, nkuisiya iume bala lake kaye. Wa Malichi sindidula, dothi lofunda ndi bala lonyowa ndi kuola basi, ndimadzala yathunthu ya saizi ya dzira, madzulo dzuwa litapepa, masentimita 10 mpaka 15 pansi, motalikirana masentimita 30, pamwamba nkuphimbira udzu ouma okhuthala kuti mchenga usatenthe. Ndipo kukwezera dothi osachita ulesi, nthawi yotentha kuli kagulugufe kena kakang'ono kamaikira mazira pa mbatata yomwe yaonekera, mphutsi zake nkuboola njira zakuda mkati, komanso yowombedwa ndi dzuwa imabiriwira ndipo yobiriwirayo siyodya.

Madzi ndiye nkhani ina. Chichokereni 2018 pomwe tinkaloledwa malita 50 okha pa munthu pa tsiku kuopa Day Zero, tsiku lomwe mipopi ya mzinda uno ikanatsekedwa chifukwa cha chilala, ndinazolowera kusunga madzi otsukira masamba ndi mpunga mu ndowa, ndi omwe athandize masabata oyambawo, landilodi asaone bilu yakwera nkuyamba kuyang'ana bedi langa ndi diso lofiira.

Pochoka achimwene anapempha mbeu pang'ono ndinawapatsa theka la tileyi. Ndawauza kuti adikire mpaka sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Malichi koma momwe amayankhira muja, "tiona achimwene, tiona", ndikudziwa kuti mawa akangochoka ku tchalitchi akukadzala, ati komwe amakhala kuli mthunzi wa mpanda masana onse. Mwina ziwayendera, malo amasiyana. Ine Lolemba ndikafunse manyowa a akavalo kwa abwana, bedi lija likufunika wilibala inanso.