Repu wabwino amayambira pa nazale

Kuno ku Chipata repu amakula bwino kuyambira Epulo mpaka Julayi, mvula itatha koma kutentha kusanabwere. Akatuluka wonyentchera, ambiri amanena mbewu kapena wogulitsa, chonsecho vuto nthawi zambiri linayambira pa nazale.

Bedi la nazale lisapose mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lizifika pakati popanda kupondapo. Manyowa a ng'ombe kapena a nkhuku akhale owola bwino, chifukwa aawisi amawotcha timizu. Lembani timizere totalikirana masentimita 10, kuya sentimita imodzi basi, mufese mopatuka, muphimbe ndi udzu wouma. Mbewu zimamera pasanathe sabata. Zikangomera, udzu uja uchoke tsiku lomwelo. Mukauchedwetsa, mbande zimatalika zili zoonda pofunafuna dzuwa, ndipo zoterozo sizilimba mukaziwokera.

Nanga mbande zikamawola pa tsinde, pomwe zakhudzana ndi dothi, n'kumagwa m'magulumagulu? Musathamangire mankhwala. Zathithikana ndipo madzi achuluka. Patulirani, muzithirira m'mawa kuti pofika usiku pamwamba pakhale pataumako. Usiku wa Juni ndi wozizira, bedi lonyowa limachedwa kuuma.

Wokerani pakatha masabata anayi, mbande zili ndi masamba anayi kapena asanu, dzuwa litapendeka. Thirirani nazale kaye kuti zizuke ndi dothi lake. Siyani masentimita 30 pakati pa mbande ndi 45 pakati pa mizere. Ngati ndi repu wa mtundu wa English Giant onjezeraniko pang'ono, masamba ake ndi otambalala. Pa phando lililonse, kachitsekero ka botolo kamodzi ka feteleza wa Compound D n'kokwanira, mukasakaniza ndi dothi kuti asakhudze mizu. Feteleza wa yuriya abwere patatha masabata atatu, cha pambali, dothi lili lonyowa.

Pothyola yambani masamba a m'munsi, musiye anayi kumtunda. Kupulula mtengo wonse chifukwa cha alendo kumauchedwetsa kuphukanso.

Ogasiti akafika nsabwe za m'masamba zimachuluka, ndipo zimabisala kunsi kwa tsamba ndi kunsonga. Madzi a sopo, supuni imodzi kapena masupuni awiri pa malita 5, amathandiza mukapopera kunsiko madzulo. Bedi limenelo likatha musabwezerepo kabichi, chainizi kapena mpiru, chifukwa ndi banja limodzi ndi repu ndipo tizilombo take n'tomweto. Ikanipo anyezi kapena nyemba.