Lathe yanga tsopano ili pa VFD, koma ndavutika nayo

Lathe yanga, makina osemera zitsulo mozizungulitsa, yagwira tsopano pa VFD, kabokosi kamagetsi kosinthira spidi ya mota. Ndikungopotokola kanobu spidi n'kukwera kapena kutsika, zomangosuntha lamba pa mapule zija zachepa. Koma wondigulitsa VFD uja mtima wanga sunamukhululukirebe.

Ndinamufunsa bwinobwino kuti kodi igwira pa mota yangayi, iye amvekere iliyonse bwana. Bodza lenileni! Yanga inali ya single phase, ija ya kapasita pamwamba ndi kaswichi mkati kamene kamadula mawaya olizira mota ikathamanga, ndiye ukatsitsa spidi kaswichi kaja kamalumikizanso mawaya olizira mpaka kupsa. Kubwerera kuti tikambirane akuti katundu akatuluka sabwerera, tsiku lonse linathera pakauntala pake ine chiimire iye akungothandiza ena ngati sakundiona, mapeto ake ndinachita kukasaka mota ina.

Anzanga werengani kapuleti ka pa mota musanatulutse ndalama. Ikhale ya three phase yolembedwa 230/400V. VFD yolandira magetsi a m'nyumba imatulutsa cha m'ma 230 basi, ndiye tsegulani kabokosi ka mawaya pamotapo, tizitsulo titatu tolumikiza mawaya muchotse pa star muike pa delta (awa ndi malumikizidwe awiri a mawaya a mota), apo ayi izizungulira koma yofooka, kungogunditsa mpeni pachitsulo yaima.

Swichi yakale isakhale pakati pa VFD ndi mota, kudula pamenepo ikuyenda mutha kuotcha VFD yonse. Ine ndinaipititsa ku timawaya ta control, tolizira ndi kuimitsira VFD. Ija ndimaiwala, musanalize n'komwe lowetsani mu VFD ma amp, ma volt ndi ma Hz monga alembera pa kapuleti komweko, chifukwa ma VFD ena amabwera atatcheredwa pa 400Hz pomwe mota yanu ndi ya 50, ndipo kabuku kake Chingerezi chake chosamveka. Kapuleti kameneko kajambuleni pafoni ndithu, wogulitsa asakuuzeni zapakamwa.

VFD ikamalemba overvoltage (magetsi achuluka) poima onjezerani masekondi oimira, komanso chuck (chopanira chitsulo chimene mukusema) yomanga mopotokola imatha kumasuka ikaima mwadzidzidzi, zoopsa zimenezo. Mapule musachotse, spidi ikatsika kwambiri fani ya pa mota nayo imachedwa ndiye imatentha, pa ntchito yolemera bola kutsitsa ndi lamba.

Mukazimitsa dikirani mphindi ngati 10 musanagwire mawaya, makapasita amasunga moto. Ethi mangani. Chanditsalira ndi kuikhomera VFD bokosi lolowa mpweya, tizidutswa tachitsulo tisagweremo.