Talowa m'makalasi athuathu: onani momwe sabata imayendera mu Sitandade 1

Teremu ino ana a Sitandade 1 ndi 2 alowa m'zipinda ziwiri za njerwa zootcha, zofolera malata, pamalo athuathu kuno ku Salima, chakufupi ndi msewu wa ku Senga Bay. Inu amene munatidziwa tili m'nyumba ya lendi, pabalaza pali kalasi, pakhonde pali ofesi, mukudziwa komwe tachokera.

Chaka chowawa kwambiri chinali 2020. Boma litatseka sukulu zonse mu Marichi chifukwa cha Covid-19, fizi inaima koma lendi sinaime, ndipo makalasi aang'ono anadzabwerera mu Okutobala. Kuti aphunzitsi asagone ndi njala tinakongola kwa munthu wina amene ankadzitcha mnzathu. Chiwongoladzanja chake chinali cha katapila weniweni, koma tinabweza mpaka tambala yomaliza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa malata amene tinali titamulipira kale anabwera ndi mtengo wina, risiti ili m'manja mwathu. Anthu otere adziwe kuti ndalama ya sukulu imachokera m'thukuta la makolo.

Komabe chomwe chinatipweteka koposa ngongole ndi ichi: ana atabwerera mu 2020, ambiri amene tinkati akuwerenga analephera kutchula "ma" ndi "mo" titawalozera. Anali ataloweza pamtima, osati kuwerenga. Ndondomeko ya sabata imene timatsata lero inabadwira pamenepo.

Lolemba timaphunzitsa liwu limodzi lokha, ndipo timayambira kukhutu. Ngati liwu lake ndi la m, mphunzitsi amatchula mawu monga mano, moto, usipa, mudzi, ana n'kumakweza chala akamva mawu oyamba ndi liwulo. Kenaka amalemba lembolo m'malere, pamchenga, pasileti, ndipo pensulo imabwera pomaliza. Dzanja la mwana wa zaka 6 silinakhwime. Mukamupatsa kope tsiku loyamba amakanikiza mpaka kuboola pepala, n'kutopa, n'kuyamba kudana ndi kulemba.

Lachiwiri ndilo tsiku lomwe ambiri amalakwitsa. Lembo lija timaliphatikiza ndi a, e, i, o, u kuti tipeze ma, me, mi, mo, mu. Mukawalemba pabolodi mu ndondomeko yomweyo, ana amawasandutsa nyimbo, kalasi n'kumveka bwino kwa wodutsa panja, pomwe theka la ana likuyang'ana pawindo. Ife timalemba phatikizo lililonse pa kachidutswa ka katoni, n'kumasakaniza: mo, ma, mu, mi. Akayankha onse pamodzi kawiri, timalozera mmodzimmodzi. Lachitatu amalumikiza makatoniwo kupanga mawu a malembo okhawo amene aphunzira kale, monga ana, ine, mano, ndipo Lachinayi mawuwo amalowa m'ziganizo zifupizifupi. Malembo b ndi d sitiwaphunzitsa masabata otsatizana chifukwa ana amawatembenuza. Mu Sitandade 2 timachedwa dala pa ng' ndi ng, mpaka mwana asiyanitse ng'oma ndi ngoma. Ana ochokera m'mabanja olankhula Chiyao timayamba tacheza nawo kwambiri m'Chichewa, chifukwa mwana sangawerenge momvetsa mawu amene sakuwadziwa tanthauzo.

Masamu ndi a tsiku lililonse. Mwana aliyense ali ndi kathumba ka zitsekerero za mabotolo 20. Vuto lodziwika ndi pakamwa kuthamanga kuposa chala: wafika pa 10 pomwe wakhudza zitsekerero 7. Mankhwala ake ndi kusuntha chitsekerero chimodzi pa nambala iliyonse. A Sitandade 2 amamanga timitengo khumikhumi ndi mphira wa chubu chakale, ndipo mitolo imeneyi ndiyo imathetsa kusokoneza 12 ndi 21.

Phunziro lililonse ndi la mphindi 30. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikufuna kufotokoza, choncho kuwerenga ndi masamu timathana nazo dzuwa lisanakwere. Chingerezi chapakamwa, kuumba ndi dongo, nthano ndi masewera zimabwera phala litamwedwa. Phalalo ndi la chimanga makapu 4 pa kapu imodzi ya soya, ndipo soyayo timayamba takazinga tisanapite naye kuchigayo, apo ayi phala limanunkha chiwisi, ana n'kulisiya m'makapu.

Lachisanu mwana aliyense amakhala ndi mphunzitsi payekha kwa mphindi ziwiri, n'kuwerenga maphatikizo 5 ndi mawu 5. Amene wavutika amafika Lolemba mphindi 15 anzake asanalowe, ndipo kholo limauzidwa tsiku lomwelo, osadikira lipoti la kumapeto kwa teremu. Timaweruka msanga kuti ana achisilamu akafike kumzikiti pa nthawi yake.

Tikuthokoza a mfumu ndi nduna zawo chifukwa chotithandiza pa nkhani ya malo. Zikomo kwa aphunzitsi amene anapirira malipiro ochepa m'miyezi yovuta ija osatithawa, kwa amayi ophika phala amene amakoleza moto kusanache, kwa amayi a banki mkhonde amene anatikongoza mwaulemu pamene ena anatifinya, kwa anyamata amene anaumba ndi kuotcha njerwa, ndi kwa a kabaza amene amabweretsa ana athu mosamala ngakhale mvula ikugwa. Alangizi a zamaphunziro a m'dera lathu, upangiri wanu tikuugwiritsa ntchito. Ndipo inu makolo amene munatisiyira ana anu tili pabalaza, Mulungu akudalitseni, zipindazi ndi zanu.

Malo alipo ochepa chifukwa kalasi iliyonse sitipitirira ana 30, kuti zoyesa za Lachisanu zitheke. Fizi mutha kulipira kawiri kapena katatu pa teremu, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Asodzi ndi alimi a mpunga, bwerani tikambirane za nyengo yanu yopeza ndalama. Musanalembetse, fikani Lachisanu m'mawa, mukhale kumbuyo kwa kalasi, musankhe nokha mwana aliyense wa Sitandade 2 kuti akuwerengereni.