Ndinali mboni pa mlandu wa imfa ya mlamu wanga

Usiku umene mlamu wanga anabayidwa ndinali pakhonde la golosale, tsidya lina la msewu. Magetsi anali atathima. Kuwala kunali kwa koloboyi wa mnyamata wogulitsa tchipisi basi. Ndinamva kukuwa, kenako ndinaona munthu wa jekete lakuda akuthamangira m'chimanga, ndipo mtima unandiuza kuti ndi uja ankakangana ndi mlamu wanga za ngongole.

Kutacha ndinakapereka sitetimenti kupolisi, ndipo apa mpamene ndinadzitchera ndekha msampha. Atandifunsa kuti ndinali patali bwanji, ndinangoti "pafupi". Za magetsi sindinatchule. Ndinatchula dzina la munthuyo ngati kuti ndinamuona masana dzuwa lili paliwombo. Mukadzapezeka pamalo ngati amenewa, nenani mtunda wake, kuwala komwe kunalipo, ndi nthawi imene munamuyang'ana. Auzeni akuwerengereni zimene alemba musanasaine, chifukwa pepala limenelo lidzakutsatirani mpaka m'khothi.

Milandu yakupha imazengedwa ku High Court. Tsiku langa litafika ndinalumbira, woimira boma n'kundifunsa modekha. Koma atanyamuka loya wa wozengedwa mlandu, thukuta linandituluka m'manja. Munamuona kwa nthawi yaitali bwanji? Anakuyang'anani kapena anakupatsani msana? Pakati panu panali chiyani? Bwanji za kuthima kwa magetsi mukuzinena lero? Ndinavomera kuti panali mamita ngati 20, ndipo zonse zinachitika m'kuphethira kwa diso.

Poyamba ndinkayesa kuti loyayo akungofuna kundichititsa manyazi. Pambuyo pake ndinamva kuti mafunsowa ali ndi gwero lake: mlandu wa Turnbull umene unagamulidwa ku England mu 1976, womwe makhothi athu amautsatira. Umachenjeza woweruza kuti mboni ikhoza kunena moona mtima, motsimikiza, komabe n'kukhala italakwitsa munthu, ngakhale amene imamudziwa kale. Jaji sananene kuti ndinanama. Anati umboni wanga, popanda wina wouchirikiza, ukusiya chikayiko, ndipo anam'masula munthuyo.

Kumudzi kunali kulira kwachiwiri. Tinagwirizana kuti tichite apilo, ine ndi mkazi wanga n'kupita kukaonana ndi woimira boma uja. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera bwinobwino. Banja silichita apilo pa mlandu wotere, chifukwa mwini mlandu ndi boma. Amene ali ndi mphamvuyo ndi mkulu wozenga milandu ya boma, DPP, ndipo akhoza kupita ku Supreme Court of Appeal pokhapokha ngati woweruza anaphonya pa mfundo ya lamulo, osati chifukwa chakuti sanakhutire ndi mboni.

Ine ndinkaganiza kuti kumeneko ndikaimanso n'kufotokoza bwino kuposa poyamba. Ayi ndithu. Majaji a apilo amawerenga zimene zinalembedwa pozenga mlandu, ndipo safulumira kutsutsa jaji amene anaiona mboni ndi maso, n'kumva pamene mawu ake ananjenjemera. Munthu womasulidwayo nayenso amatetezedwa ndi gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko, loti aliyense ndi wosalakwa kufikira mlandu utamupeza. Jaji wathu anatsata chenjezo la Turnbull mmene liyenera kukhalira, choncho panalibe poti boma ligwire. Zinandiwawa, koma sindinganene kuti anatilakwira.

Madzulo ake ndinakafotokozera apongozi anga aakazi. Anakhala pamphasa atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wathu, akusenda nandolo. Atakhala chete kanthawi anati, "Bambo, ndiuzeni ine mayi wake. Nkhope munaiona?"

Funso limenelo palibe anandifunsapo pakhomo zaka zonsezo. Ndinati, "Amayi, ndinaona jekete ndi kathamangidwe kake. Nkhope sindinaione."